Pa Njinga m'Mabwinja a Carthage

Mwana ali yense wokulira kumudzi adziwa bwinja. Adziwa kuti pamene pamera nsatsi zambiri, pali mapale a miphika ndi mulu wa phulusa, pamenepo panali mudzi, ngakhale tsopano palibe nyumba ndi imodzi yomwe. Akafuna kudziwa anthu amene anakhalapo ndi cimene cinawasamutsa, apita kukafunsa agogo ace. Koma alipo mabwinja ena amene eni ace anatha, ndipo wotsala kusimba za iwo ndiye mdani amene anawapasula. Bwinja lotere ndi Carthage, mzinda wakale wa kumpoto kwa Afrika, m'mbali mwa Nyanja ya Mediterranean, m'dziko limene lero lichedwa Tunisia.

Carthage ali pa mtunda wa makilomita ngati 15 kucokera pakati pa mzinda wa Tunis. Lero ndi malo a nyumba zokongola za makoma oyera ndi maluwa m'mipanda, ndipo nyumba ya Pulezidenti wa dzikolo ili komweko. Zotsala za mzinda wakale sizili pamalo amodzi ai. Zamwazikana pakati pa nyumbazi, cina kuseri kwa mpanda, cina m'mbali mwa njanji, cina pamwamba pa kaphiri. Woyenda pansi alema asanaone theka lace, ndipo wa pa galimoto apitirira zambiri osadziwa. Njinga ndiyo iyenera ulendo wotere, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Wopalasa akumbukire zinthu ziwiri: m'dzikomo magalimoto ayenda kudzanja lamanja la mseu, ndiponso kuyambira Juni kufikira Ogasiti dzuwa liomba koopsa, kotero kuti nkwabwino kulawira m'mamawa ndi botolo la madzi.

CIKOPA CA NG'OMBE

Ulendo uyambira ku La Goulette, doko la Tunis, nulunjika kumpoto kudzera ku Le Kram kufikira ku Salammbô. Mseu wace ngwopanda citunda. Kufupi ndi pamenepa ndi pamene mzinda unayambira. Amene anaumanga ndi Afoinike, amalonda a pa nyanja ocokera ku Tyre, mzinda umene Baibulo liucha Turo, m'dziko la Lebanon la masiku ano. Olemba acigriki anati unakhazikitsidwa zaka 814 Kristu asanabadwe. Dzina lace m'cinenero ca eni ace linali Qart-hadasht, ndiko kuti Mzinda Watsopano.

Nthano inena kuti mtsogoleri wao anali mkazi, dzina lace Elissa, amene Aroma anamucha Dido. Iye anathawa mlongo wace, mfumu ya ku Tyre, amene anapha mwamuna wace cifukwa ca cuma. Pofika ku Afrika anapempha eni dziko malo ongokwanira cikopa ca ng'ombe. Iwo atabvomera, iye anaceka cikopaco timalamba topyapyala, natilumikiza, nazinga nato kaphiri konse. Nthanoyi njokoma kusimbira ana, koma mphunzitsi azindikire kuti inadza kudzera mwa Agriki ndi Aroma. Dzina la kaphiriko, Byrsa, lifanana ndi liu lacigriki lonena cikopa, ndipo akatswiri ambiri aganiza kuti nthanoyo inabadwira m'kufanana kwa mauwo. Tsono ngakhale nkhani ya kubadwa kwa mzindawu inasimbidwa ndi alendo, ndipo ionetsa eni ace ngati anthu acinyengo kuyambira tsiku loyamba.

Ku Salammbô wopalasa atsamiritsa njinga pa mpanda wa kamunda ka mitengo ya kanjedza ndi miyala yambiri yoimiritsidwa. Pa miyalayo pali zizindikiro zozokota ndi malembo ochula milungu iwiri, Baal Hammon ndi Tanit. Malowa anapezedwa m'caka ca 1921, ndipo pansi pa miyalayo anafukula mitsuko zikwi zambiri yokhala ndi phulusa ndi timafupa ta makanda ndi ta ana a nkhosa. Akatswiri anapacha Tophet, potengera dzina la m'Cipangano Cakale. Olemba acigriki ndi aciroma ananena kuti anthu a ku Carthage anali kupereka ana ao nsembe pamoto. Diodorus analemba kuti m'caka ca 310 B.C., nkhondo itafika pafupi ndi mzinda, anapereka ana 200 a mabanja omveka. Akatswiri ena a masiku ano ati awa anali manda cabe a makanda ofa pobadwa. Koma ambiri, poona malembo onena za cowinda cimene kholo lakwaniritsa, abvomereza kuti nsembe zotere zinalipodi. Cosowa ndi cimodzi: palibe buku la mwini Carthage lotsala lofotokoza cimene iwo anali kucita pamalopo ndi cifukwa cace. Mdani angathe kunena zoona, angathenso kuonjezera, ndipo woimbidwa mlandu sali pabwalo kuti ayankhe.

MAIWE AWIRI

Kupalasa mphindi zowerengeka kumpoto, mseu ufika pa maiwe awiri a madzi abata, lina lalitali, lina lozungulira lokhala ndi kacilumba pakati. Munthu wosadziwa angayese ndi maiwe a nsomba, koma awa ndiwo madoko a Carthage. Lalitali linali la zombo za malonda, lozungulira la zombo za nkhondo. Appian, wolemba mbiri wacigriki, anati m'mbali mwa doko lozunguliralo ndi pa kacilumbako munali zipinda zokokeramo zombo 220, ndipo mkulu wa zombo anali ndi nsanja yace pakati poonera nyanja. M'zaka za m'ma 1970 akatswiri a ku Britain anakumba pa kacilumbako, napeza maziko a zipinda zotsetsereka zimenezo. Apa nthaka inabvomereza mau a buku.

Zombo za Carthage zinali kupita ku Sicily, ku Sardinia ndi ku Spain, kukatenga siliva ndi zitsulo zina, ndi kugulitsa vinyo, mafuta a azitona ndi nsaru. Mmodzi wa amalinyero ao, Hanno, anaturuka pa mpata wa Gibraltar ndi zombo 60, natsata gombe la kumadzulo kwa Afrika cakumwera, zaka pafupi-fupi zikwi ziwiri Apwitikizi asanayende ulendo umenewo. Iye analemba za ulendo wace m'cinenero ca kwao, koma colembaco cinatayika. Cotsala ndi cimene Mgriki wina anamasulira. Aristotle, mphunzitsi womveka wa Agriki, anayamika makonzedwe a boma la Carthage, m'mene munali akulu awiri osankhidwa, bwalo la akulu-akulu ndi msonkhano wa anthu wamba.

Pali cinthu cina ca Afoinike cimene mphunzitsi ali yense agwiritsa nchito tsiku ndi tsiku osadziwa mwini wace. Afoinike anali ndi malembo 22. Agriki anawatenga nawasintha pang'ono, ndipo kucokera kwa Agriki anafika kwa Aroma. Malembo a Aroma ndiwo amene ana a sukulu aphunzira lero pa bolodi. Lembo loyamba la Afoinike linachedwa dzina la ng'ombe, ndipo munthu akatembenuza A cadodolido aona mutu wa ng'ombe ndi nyanga zace ziwiri. Nzomvetsa cisoni kuti mtundu umene unapatsa mitundu yambiri malembo ulibe buku ndi limodzi lomwe lotsala m'cinenero cace.

CITUNDA CA BYRSA

Kucokera pa madoko njira ikwera ku kaphiri ka Byrsa, ndipo opalasa ambiri atsika nakankha njinga. Pokankhapo munthu apeza mpata wokumbukira nkhondo zitatu zimene Carthage anamenyana ndi Roma. Atambala awiri salira m'khola limodzi, ndipo nyanja ija inacepera mizinda iwiriyi. Nkhondo yoyamba, ya kuyambira 264 kufikira 241 B.C., inali yolimbirana cilumba ca Sicily, ndipo Carthage anagonja. Yaciwiri inayamba m'caka ca 218 B.C., pamene Hannibal, mwana wa Hamilcar Barca, ananyamuka ku Spain ndi asilikari ndi njobvu, naoloka mapiri a Alps, nalowa m'Italy. Pa Cannae m'caka ca 216 B.C. anakantha khamu la Aroma loposa lace, ndipo anakhala m'Italy zaka 15 osagonjetsedwa pa nkhondo yaikulu. Koma Roma sanagwe. Kazembe wa Aroma, Scipio, anaolokera ku Afrika, Hannibal anaitanidwa kwao, ndipo pa Zama m'caka ca 202 B.C. anagonja. Carthage analandidwa maiko ace a kutsidya kwa nyanja, analoledwa kusunga zombo za nkhondo khumi zokha, analamulidwa kulipira dipo kwa zaka 50, ndiponso analetsedwa kucita nkhondo popanda cilolezo ca Roma.

Mzindawo unatembenukira ku minda ndi malonda, nulemeranso, numariza dipo lija. Kulemerako ndiko kunaupalira tsoka. Nkhalamba ina ya m'bwalo la akulu la Roma, Cato, inali kumariza mau ace onse ndi kunena kuti Carthage ayenera kupasulidwa. Tsiku lina inaonetsa akulu anzace nkhuyu yaiwisi, niti inathyoledwa ku Carthage masiku atatu apitawo, kuti aone m'mene mdani analiri pafupi. Pamene Carthage anamenyana ndi Masinissa, mfumu ya ku Numidia imene inali kulanda minda yace, Aroma anapeza cifukwa. M'caka ca 149 B.C. anafuna ana 300 a mabanja omveka akhale cikole, ndipo anaperekedwa. Anafuna zida zonse, ndipo zinaperekedwa: zobvala za nkhondo zokwanira anthu 200,000 ndi makina oponyera miyala ndi mibvi ngati 2,000. Pamenepo ndi pamene anaulula lamulo lomariza, lakuti anthu onse acoke, akamange kumtunda makilomita ngati 15 kutali ndi nyanja, ndi kuti mzinda ugwetsedwe. Anthu a zombo akanacita ciani kutali ndi madzi? Anatseka zipata, nasula zida zatsopano usana ndi usiku, ndipo akazi anameta tsitsi lao kuti apote zingwe za makina. Analimba zaka zitatu.

M'caka ca 146 B.C. asilikari a Scipio Aemilianus analowa m'mzinda kudzera pa doko lozungulira lija, nayamba kukwera ku Byrsa m'misewu itatu yopapatiza ya nyumba zosanjikizana. Anamenyana nyumba ndi nyumba, denga ndi denga, natentha zonse. Njira imene munthu wokankha njinga aimariza theka la ora lisanathe, iwo anaiyenda masiku asanu ndi limodzi. Anthu ngati 50,000 amene anadzipereka anagulitsidwa ukapolo. Kazembe wao Hasdrubal anapempha cifundo, koma mkazi wace anadziponya ndi ana ace m'moto wa kacisi wa Eshmun pamwamba pa kaphiriko. Mabuku ena a sukulu aonjezera kuti Aroma anawaza mcere pa nthaka kuti pasamerenso kanthu. Mphunzitsi asaphunzitse zimenezi ngati zoona, pakuti palibe wolemba wakale ndi mmodzi yemwe amene anazichula. Zinalowa m'mabuku zaka mazana ambiri pambuyo pace.

Pamwamba pa Byrsa pali chalichi cacikulu, cimene nkhani yace idza pambuyo, ndipo nyanja ioneka yonse pamodzi ndi madoko awiri aja. Koma cofunika kuona cili pa mtsetse wa kumwera. Patapita zaka zoposa 100 cipasulire mzinda, Aroma anafuna kumangapo wao. Anadula nsonga ya kaphiriko, nakankhira dothi ndi zibuma m'mbali kuti pakhale bwalo losalala. Dothi limenelo linakwirira nyumba zopserera za Afoinike, nilizisunga. Akatswiri a ku France atakumba m'zaka za m'ma 1970 anapeza misewu yoongoka yokhala ndi makwerero, nyumba zomangidwa mwa dongosolo, pansi pace posalala bwino, ndi citsime cosungira madzi a mvula pansi pa nyumba, ndiponso phulusa la moto wa 146 B.C. Munthu woima pa khomo la nyumba yotere aona kuti muno munali mabanja amene anali kuphika, kusamba ndi kulera ana monga anthu onse, zinthu zimene olemba a nkhondo sanaone cifukwa cozilembera.

MABUKU ANAPITA KUTI?

Carthage anali ndi nyumba za mabuku. Pliny, wolemba waciroma, anena kuti mzinda utagwa, bwalo la akulu la Roma linagawira mabukuwo mafumu a mu Afrika, ndipo kucokera pamenepo anazimirira. Aroma anasungako nchito ya munthu mmodzi yekha, Mago, amene analemba mabuku 28 a za ulimi. Analamula kuti amasuliridwe m'Cilatini. Ngakhale amenewa anatayika pambuyo pace, koma zidutswa zace zipezeka m'mabuku a Aroma monga Varro ndi Columella. M'zidutswamo Mago alangiza za kubzala mphesa ndi azitona, ndi za maonekedwe a ng'ombe yabwino yolimira. Alangizanso kuti munthu wogula munda agulitse nyumba yace ya m'mzinda, kuti mtima wace usakhale pawiri. Aroma anasunga cimene cinawapindulitsa, nataya cimene cikadanenera eni ace.

Hannibal anayenda ndi Agriki awiri, Silenus ndi Sosylus, amene analemba za nkhondo yace monga anthu a mbali yace. Mabuku ao anatayika. Otsala ndi a Polybius, bwenzi la Scipio Aemilianus amene anaimirira naye poona mzinda ulikupsa, ndi a Livy, Mroma amene anacha Hannibal wankhanza ndi wosasunga pangano. Pakati pa Aroma, kunena kuti munthu ali ndi kukhulupirika kwa Afoinike kunali kumunena kuti ngwabodza. Koma wowerenga bwino nkhani ya ana 300, ya zida ndi ya lamulo lobisidwa kufikira potsiriza, angadzifunse yekha kuti wonyenga anali yani. Ndipo nkhani imeneyi idziwika cifukwa olemba a mbali ya Roma omwewo anailemba osabisa.

MZINDA WACIWIRI

Kutsika Byrsa cakumadzulo njinga ithamanga yokha, ndipo wopalasa agwire mabuleki, pakuti kumunsi kuli mseu wa magalimoto ambiri. Pano ayamba kuona Carthage wa Aroma. Julius Caesar anaganiza zomanganso mzindawu, ndipo Augustus anatumizako anthu m'caka ca 29 B.C. Unakula nukhala umodzi wa mizinda yaikulu koposa ya ufumu wa Roma, ndipo tirigu wa ku Afrika wodyetsa Roma anali kupakiridwa pa madoko ace. Pa malo ochedwa La Malga pali matanki akale aatali a miyala, ogundana mzere umodzi, amene anali kusunga madzi a mzinda. Madzi a Carthage anali kucokera ku phiri la Zaghouan m'ngalande yomangidwa, imene inayambidwa m'masiku a mfumu Hadrian, yotalika makilomita 132 pamodzi ndi nthambi zace, pena yodzera pansi pa nthaka, pena pamwamba pa mizati. Panalibe makina opopera. Amisiri anayesa mtsetse kotero kuti madzi anali kuyenda okha njira yonse.

Pafupi pomwepo pali bwalo lamasewera lozungulira, m'mene anthu anali kuonerera zirombo ndi anthu omenyana. Mipando yace inatha, patsala bwalo lokha ndi ziboo za pansi. Mwambo wa Akristu unena kuti muno ndimo munafera Perpetua ndi Felicitas ndi anzao m'caka ca 203 A.D. Perpetua anali mkazi wa banja lomveka, wa zaka ngati 22, woyamwitsa. Felicitas anali kapolo, ndipo anabala mwana ali m'ndende. Perpetua analemba yekha za masiku ace a m'ndende: za mdima ndi kutentha, za nkhawa yace pa khanda lace, za atate ace amene anamdandaulira kuti asinthe mtima. Colembaco cinasungidwa, ndipo ndi cimodzi ca zolemba zakale koposa za mkazi wacikristu. Anthu 50,000 aja a pa Byrsa atsala ngati ciwerengero cabe m'buku la mdani, koma mkazi mmodzi uyu amveka mau ace kufikira lero, cifukwa analemba ndipo anzace anasunga. Mu mzinda womwewu munakhalanso Tertullian, ndi Cyprian, bishopu amene anadulidwa mutu m'caka ca 258 A.D.

Njira ibwerera kum'mawa, nidzera pa bwalo la zisudzo la Aroma, limene linakonzedwanso ndipo mucitika cikondwerero ca nyimbo cimene cinayamba m'caka ca 1964, nitsikira ku nyanja. Pa gombe pali nyumba zosambiramo zochedwa dzina la mfumu Antoninus, zomangidwa pakati pa zaka za 145 ndi 162 A.D., zazikulu koposa zonse za Aroma mu Afrika. Zimene zioneka lero ndi zipinda za pansi, m'mene anchito anali kusonkha moto wotenthetsa madzi. Mzati umodzi wa mamita ngati 15 unaimiritsidwanso kuti anthu aone m'mene denga linatalikira. Wokhala ndi kamera asailozetse ku mpanda wa Pulezidenti umene uli pambali pomwepo, pakuti nkoletsedwa.

M'mzinda uno Augustine, mnyamata wa ku Thagaste m'dziko limene lero ndi Algeria, anadza kudzaphunzira, ndipo pambuyo pace anakhala mphunzitsi wa luso la kulankhula. M'caka ca 383 A.D. anacoka napita ku Roma, ndipo cimodzi ca zifukwa zace aphunzitsi angacimvetse: ophunzira a ku Carthage anali aphokoso ndi amwano, olowerera m'kalasi ndi kusokoneza phunziro. Ku Roma anapeza ophunzira aulemu, koma nthawi yolipira ikafika anali kusamukira kwa mphunzitsi wina. Augustine yemweyu, atakhala bishopu wa ku Hippo, analemba kuti anthu a m'midzi ya kumeneko anali kulankhulabe cinenero ca Afoinike, ndipo anali kufuna atumiki ocidziwa. Zaka zoposa 500 zinali zitapita cigwere Byrsa. Alimi anasunga pakamwa cimene nyumba za mabuku zinalephera kusunga, koma popeza sicinasonkhanitsidwe m'mabuku, nacinso cinatha.

MIYALA INASAMUKA

Mtundu wa Vandal, wotsogozedwa ndi Gaiseric, unalanda Carthage m'caka ca 439 A.D. Belisarius, kazembe wa mfumu ya ku Constantinople, anaulanditsa m'caka ca 533, ndipo m'caka ca 698 Aarabu otsogozedwa ndi Hassan ibn al-Nu'man anaugonjetsa. Kucokera pamenepo Tunis anakula, Carthage nasanduka pokumba miyala. Mizati yace inatengedwa kukamangira nyumba zina, ndipo ina iima kufikira lero mu mzikiti waukulu wa Zitouna ku Tunis. Cifukwa cace wopalasa apeza maziko ambiri koma makoma owerengeka.

Pobwerera kumwera, kaphiri ka Byrsa kaoneka kudzanja lamanja ndi chalichi cija pamwamba pace. Cichedwa dzina la Louis IX, mfumu ya France imene inafera kufupi ndi pano m'caka ca 1270. Anacimangitsa ndi Cardinal Lavigerie pakati pa 1884 ndi 1890, dziko la Tunisia litalowa m'manja mwa France m'caka ca 1881. Lavigerie ndiye anayambitsa cipani ca ansembe a White Fathers m'caka ca 1868, ndipo sukulu yao yaikulu ya unsembe inali pa kaphiri komweka. Mmodzi wa iwo, Alfred-Louis Delattre, anakumba mabwinjawa kuyambira 1875 kufikira imfa yace m'caka ca 1932, nayambitsa nyumba yosungiramo zinthu zakale. Ansembe a cipani cimeneci anafika ku Mambwe m'caka ca 1891 ndi ku Kachebere m'caka ca 1903. Bishopu Joseph Dupont, amene Abemba anamucha Moto Moto, anafera m'Tunisia m'caka ca 1930, ndipo mafupa ace anabwezedwa ku Chilubula m'caka ca 2000. Tunisia analandira ufulu m'caka ca 1956, ndipo m'caka ca 1964 chalichico cinaperekedwa ku boma, nicileka kukhala nyumba ya mapemphero.

Nyumba zatsopano zitayamba kukwirira mabwinja, bungwe la UNESCO linaitana akatswiri a maiko ambiri m'caka ca 1972 kuti apulumutse zotsala, ndipo m'caka ca 1979 Carthage analembedwa pakati pa malo a colowa ca dziko lonse lapansi. M'caka ca 1985 mameya a Roma ndi Carthage anasaina pangano la mtendere lotsiriza nkhondo ya 146 B.C., patapita zaka zoposa 2,100. Akulu ananena kuti mlandu suola. Koma pangano limenelo silinabweze buku ndi limodzi lomwe.

ZA KWA APHUNZITSI

Mphunzitsi wa kumudzi kapena sadzaponda ku Carthage, koma ulendo uwu uli ndi zinthu ziwiri zomkhudza. Coyamba, pophunzitsa mbiri aphunzitsenso ana kufunsa kuti analemba nkhaniyi ndani, anali mbali iti, ndipo wa mbali inayo akadanena ciani. Kufunsa kotere sikutanthauza kuti wogonja ndiye wolungama nthawi zonse. Mitsuko ya ku Salammbô iletsa ganizo limenelo. Kutanthauza kuti mlandu sauweruza atamva mbali imodzi, ndi kuti umboni wa m'buku auyese ndi umboni wa m'nthaka.

Caciwiri, pafupi ndi sukulu ili yonse pali bwinja, ndipo njinga ya mphunzitsi ingafikeko Loweruka limodzi. Nkhalamba zodziwa amene anakhalapo, kumene anacokera, nkhondo kapena njala imene inawasamutsa, zikali moyo lero, koma caka ndi caka zicepa. Mphunzitsi atenge kope ndi ana aakulu awiri kapena atatu, akhale pansi mwaulemu, alembe mau a nkhalambayo m'cinenero cace comwe, osawakometsa, pamodzi ndi dzina lace, mudzi wace ndi tsiku. Akamva wina wosimba mosiyana, alembenso zace pa tsamba lina. Ndipo pokumbukira m'mene mabuku a Carthage anathera, alembe makope awiri: limodzi likhale m'kabati ya sukulu, lina lisungidwe kwa mfumu ya mudzi.